Mabungwe othandiza odwala celiac: amagwira ntchito yanji, nanga lodalirika mungalizindikire bwanji?

Nangondo

Moni nonse. Funso langa ndi lokhudza mabungwe ndi magulu othandiza anthu odwala matenda a celiac. Munthu akangopezeka ndi matendawa amauzidwa kuti asiye tirigu, balere ndi rye kwa moyo wake wonse, chifukwa mbewuzi zili ndi puloteni yotchedwa gluten yomwe imamuwononga matumbo, kenako amalangizidwa kuti apeze anzake a vuto lomweli. Koma akalowa pa intaneti amapeza magulu ambirimbiri, ndipo zonena zawo sizigwirizana. Ena akuti oats alibe vuto, ena akuti osayerekeza n'komwe. Ena akuti kanyenyeswa kamodzi ka buledi sikangavulaze munthu, ena akuti ngakhale mpeni usakhale umodzi. Palinso ogulitsa mapiritsi omwe akuti amagaya gluten m'mimba.

Ndiye ndikufunsa inu odziwa bwino. Bungwe lokhazikika limachita chiyani chomwe gulu wamba la pa Facebook silingachite? Zizindikiro zomwe zimakhala pa mapaketi a zakudya amapereka ndani, ndipo zimatsimikiza chiyani? Nanga kumene kulibe bungwe lotere, anthu ochepa akafuna kuyambitsa gulu lawo ayambire pati kuti asasocheretse anzawo?

Bambo Mbewe

Zikomo a Nangondo. Ndiyambe ndi la zizindikiro, chifukwa ndi pamene pamaonekera kusiyana kwa bungwe lenileni ndi gulu longocheza.

Gluten saoneka, sanunkha, ndipo samveka pakamwa akakhala wochepa. Wodwala sangadziwe yekha ngati ufa wa mpunga unagayidwa pa makina omwe dzulo lake anagayapo tirigu. Pamafunika wina woti akalowe m'fakitale, aone mmene amatsukira makina, atenge zakudyazo n'kukaziyeza ku labotale. Ntchito yaikulu ya mabungwe okhazikika ndi imeneyi.

Muyezo umene mayiko ambiri amatsatira ndi wa Codex Alimentarius (miyezo ya zakudya ya mabungwe a United Nations), wokonzedwanso mu 2008: chakudya cholembedwa kuti "gluten free" chisapitirire 20 ppm, kutanthauza mamiligalamu 20 a gluten pa kilogalamu imodzi ya chakudya. Ku America bungwe la boma la FDA linatulutsa lamulo la muyezo womwewu mu 2013, ndipo linayamba kugwira ntchito mu Ogasiti 2014. Mayiko a European Union nawo ali pa 20 ppm, ndipo ali ndi gawo lina la "very low gluten" lofika 100 ppm, lomwe anthu ambiri amalisokoneza ndi loyambalo. Nambala ya 20 sinangoganiziridwa. Kafukufuku anaonetsa kuti mamiligalamu 50 a gluten tsiku lililonse kwa miyezi itatu amawononga matumbo a wodwala, pomwe mamiligalamu osafika 10 patsiku ambiri sawavulaza. Mukawerengetsa, munthu wodya theka la kilogalamu ya chakudya cha 20 ppm wameza mamiligalamu 10. Yerekezani ndi kagawo kamodzi ka buledi wamba, komwe kamakhala ndi gluten wokwana magalamu awiri kapena kuposa, ndiye mamiligalamu 2,000. Kanyenyeswa kamene ena akukachepetsa kaja kali ndi mphamvu ndithu.

Ku Ulaya chizindikiro chodziwika ndi ngala ya tirigu yodulidwa ndi mzere, chotchedwa Crossed Grain. Chimayendetsedwa ndi AOECS, mgwirizano wa mabungwe a odwala celiac a mayiko a ku Ulaya womwe unayamba mu 1988. Kampani imalipira chilolezo, fakitale yake imayenderedwa, ndipo pansi pa chizindikirocho pamakhala nambala ya chilolezo yoyamba ndi zilembo za dziko. Mukaona chithunzi cha ngala chopanda nambala, dziwani kuti mwina angojambula okha. Ku America opereka chizindikiro chotere ndi GFCO, nthambi ya bungwe la Gluten Intolerance Group lomwe linayamba mu 1974, ndipo iwo malire awo ndi 10 ppm. Ku Argentina nakonso malire ndi mamiligalamu 10 pa kilogalamu. Australia ndi New Zealand ndiye okhwimitsa kuposa onse: gluten asapezeke n'komwe poyeza.

Ntchito yachiwiri ndi mndandanda wa zakudya zololedwa. Coeliac UK, bungwe lomwe linayamba mu 1968, lili ndi buku la zakudya ndi zakumwa komanso pulogalamu ya pa foni yowerenga barcode. Associazione Italiana Celiachia ya ku Italy ili ndi buku lotchedwa Prontuario, ndiponso imaphunzitsa ndi kuyendera malo odyera. Phindu la mndandanda wotere lili pakuti amaukonzanso pafupipafupi. Makampani amasintha zosakaniza osalengeza, ndiye mndandanda wa zaka zitatu zapitazo womwe anthu akungotumizirana pa WhatsApp ungathe kudwalitsa munthu.

Yachitatu ndi kukankha boma, ndipo iyi gulu locheza silingaithe. Ku Italy odwala opezeka ndi matendawa kuchipatala amalandira thandizo la mwezi ndi mwezi logulira zakudya zopanda gluten, ndipo mu 2023 dzikolo linakhazikitsa lamulo loyeza ana matenda a celiac ndi shuga ya mtundu woyamba. Ku Brazil lamulo la mu 2003 limakakamiza kuti chakudya chilichonse cha m'paketi chilembedwe ngati chili ndi gluten kapena chilibe. Ku Canada wodwala amatha kuchotsera pa msonkho ndalama zowonjezera zomwe wawononga pogula zakudya zapaderazi. M'mayiko otere odwala anachita kulumikizana n'kumalankhula ndi mawu amodzi kwa zaka zambiri.

Mabungwe a ku America monga Celiac Disease Foundation, loyamba mu 1990, ndi Beyond Celiac, loyamba mu 2003, amaika mphamvu zambiri pa kafukufuku, ndipo ali ndi kaundula wa odwala omwe amalola kuti mbiri ya matenda awo ithandize ofufuza mankhwala.

Mayi Nabanda

A Mbewe afotokoza bwino za malebulo. Ine ndikufuna tiike mtima pa chinthu chimodzi chomwe mungayesere nacho gulu lililonse, laling'ono kapena lalikulu. Munthu watsopano akabwera n'kunena kuti "mimba imandivuta ndikadya buledi", gululo limamuyankha chiyani? Likamuuza kuti "siyani gluten muone ngati mungapeze bwino", gulu limenelo likuwononga anthu, ngakhale litakhala ndi mtima wabwino chotani. Lodalirika limamuuza kuti apitirize kudya monga mwa masiku onse mpaka atayezedwa.

Chifukwa chake n'chakuti celiac ndi matenda omwe chitetezo cha m'thupi chimaukira thupi lomwelo. Gluten akalowa, chitetezocho chimawononga tinthu tonga tizala tating'onoting'ono tomwe tili m'kati mwa matumbo aang'ono, totchedwa villi, tomwe timayamwa chakudya. Poyeza magazi amafufuza asilikali a m'thupi otchedwa tTG-IgA, omwe thupi limapanga pokhapokha gluten akulowa. Munthu akasiya gluten milungu ingapo, asilikaliwa amatsika, matumbo amayamba kuchira, ndipo zotsatira zimabwera zoti alibe matenda pomwe ali nawo. Kuti ayezedwe bwino amayenera kuyambiranso kudya gluten, ndipo malangizo a NICE a ku Britain amati akhale m'chakudya choposa chimodzi tsiku lililonse kwa milungu yosachepera isanu ndi umodzi. Kwa munthu amene anali atayamba kupeza bwino, milungu imeneyi imakhala yowawa kwambiri, moti ambiri amakana. Amakhala moyo wonse osadziwa ngati ali ndi celiac kapena vuto lina, ndipo abale awo sayezedwa.

Gulu labwino liyenera kudziwa ndondomeko yonse ndi kuifotokoza mosavuta. Magazi ayezedwe tTG-IgA limodzi ndi kuchuluka kwa IgA yense m'thupi, kutanthauza gulu lonse la asilikali momwe tTG-IgA alimo. Chachiwirichi chimaiwalika kawirikawiri, komatu pa odwala celiac 100 alionse, awiri kapena atatu amakhala ndi IgA wochepa mwachibadwa, ndiye tTG-IgA wawo amatuluka wabwinobwino ngakhale matumbo atawonongeka. Otere amayezedwa asilikali a mtundu wina wotchedwa IgG. Magazi akasonyeza vuto, munthu wamkulu amapita ku endoscopy, komwe amalowetsa kachubu ka kamera kudzera kukamwa n'kutapa tizidutswa ta thumbo. Tizidutswato tikhale tosachepera tinayi tochokera m'kati mwa duodenum, chigawo choyamba cha matumbo aang'ono, ndi kamodzi kapena tiwiri tochokera kumayambiriro kwake, chifukwa kuwonongekako kumakhala kwa apa ndi apo. Akatapa kamodzi kokha akhoza kugwera pabwino. Kwa ana, malangizo a mu 2020 a ESPGHAN, bungwe la ku Ulaya la madokotala a matenda a m'mimba a ana, amalola kutsimikiza popanda endoscopy ngati tTG-IgA wapitirira malire kakhumi kapena kuposa, ndipo magazi ena otengedwa padera asonyeza asilikali ena otchedwa EMA.

Pali kuyeza kwina kwa chibadwa, kofufuza HLA-DQ2 ndi HLA-DQ8, komwe anthu amakumva molakwika. Pafupifupi munthu mmodzi mwa atatu ali ndi chibadwa chimenechi, koma odwala celiac ndi pafupifupi mmodzi pa 100. Kupezeka nacho si umboni woti muli ndi matenda. Kusapezeka nacho ndi kumene kumathandiza, chifukwa kumasonyeza kuti n'zokayikitsa kwambiri kuti ndi celiac.

Komanso si kuphwa kulikonse kwa villi komwe kuli celiac. Tizilombo ta giardia, matenda a tropical sprue, HIV, ngakhale mankhwala a kuthamanga kwa magazi otchedwa olmesartan, zonsezi zimatha kuonetsa chithunzi chofanana. N'chifukwa chake gulu lisamalowe m'malo mwa dokotala.

Mfundo ina yomwe bungwe lodalirika limabwereza ndi ya abale. Makolo, ana ndi abale a mimba imodzi a wodwala, pafupifupi mmodzi pa khumi amakhala nawonso, ndipo ambiri satsegula m'mimba n'komwe. Ena amangokhala ndi magazi ochepa omwe sakwera ngakhale amwe mapiritsi a ayironi, ena mafupa ofooka, ena kutopa kosatha, mwana osakula bwino, kapena totupa toyabwa kwambiri m'zigongono ndi m'mawondo totchedwa dermatitis herpetiformis. Odwala shuga ya mtundu woyamba, a matenda a chithokomiro obwera chifukwa cha chitetezo cha m'thupi, ndi anthu a Down syndrome nawonso ayenera kuyezedwa. Ndipo maganizo oti awa ndi matenda a azungu okha ngolakwika. Kafukufuku wofalitsidwa mu 1999 pakati pa ana a mtundu wa Saharawi wa kumpoto kwa Africa anapeza 5.6 peresenti, chiwerengero chokwera kuposa cha mayiko a ku Ulaya.

Za mapiritsi ogaya gluten zija, a Nangondo, palibe mankhwala ovomerezeka ochiza celiac kapena olola wodwala kudya tirigu. Gulu lomwe likutsatsa zimenezo lisiyeni.

Nangondo

Zikomo kwambiri nonse awiri, makamaka pa mfundo ya IgA yense, chifukwa sindinaionepo ikutchulidwa m'magulu ambiri. Koma za oats simunazikhudze, ndipo ndi pamene anthu amakanganirana kwambiri. Ngati mabungwe okhazikika omwewo sakugwirizana, munthu wamba atsatire liti? Chimodzimodzinso za kukhitchini: kodi n'zoona kuti banja lonse liyenera kugula ziwiya zatsopano?

Achisale

Mayi Nangondo, pa oats mabungwe sakutsutsana pa sayansi, akusiyana pa mmene akuonera chiopsezo. Pali mavuto awiri osiyana. Loyamba ndi kusakanikirana: oats amalimidwa m'minda yosinthana ndi tirigu ndi balere, amakololedwa ndi makina omwewo, amanyamulidwa m'magalimoto omwewo. Choncho oats wamba ndi osayenera kwa wodwala aliyense, ndipo pamenepa palibe bungwe lotsutsa. Lachiwiri ndi puloteni ya mu oats momwemo, yotchedwa avenin, yomwe imafananako ndi gluten. Odwala ambiri siiwavuta, koma ochepa imawavuta. Coeliac UK ndi Celiac Canada amati oats olembedwa kuti alibe gluten angadyedwe ndi ambiri. Ku Australia ndi New Zealand lamulo silola oats kulembedwa "gluten free", ndipo Coeliac Australia imalangiza kuti wofuna kuwayesa achite zimenezo moyang'aniridwa ndi dokotala. Ine ndimaona kuti njira yanzeru ndi kudikira mpaka zizindikiro zitatha ndipo tTG watsika, kenako kuyamba pang'ono, osayambitsa chakudya china chatsopano nthawi yomweyo, ndi kudziwitsa dokotala kuti aziyezabe. Kungoti "sindikumva kupweteka" si umboni, popeza matumbo amatha kuwonongeka mwakachetechete.

Za ziwiya, ayi, simufunika kutaya khitchini yonse. Mapoto, mbale ndi masipuni achitsulo kapena agalasi akatsukidwa bwino ndi sopo ndi madzi amakhala bwino. Zofunika kupatula ndi zomwe zimasunga ufa m'ming'alu ndi m'timabowo: sefa, chokhetsera pasta, thabwa lodulirapo buledi, mthiko ndi chipande chamtengo zomwe zang'aluka, ndi mapani okandikakandika. Pa toaster pali kusiyana maganizo. Kafukufuku wochepa wa ku Children's National Hospital ku Washington anapeza kuti buledi wopanda gluten wowotchedwa mu toaster ya onse sanapitirire 20 ppm, pomwe pasta wophikidwa m'madzi omwe munaphikidwa pasta wa tirigu anapitirira kwambiri. Mabungwe ambiri akulangizabe toaster yapadera kapena timatumba tovekera buledi powotcha, ndipo ndikugwirizana nawo, chifukwa kafukufukuyo anali waung'ono ndipo mmawa uliwonse munthu amawotcha buledi.

Pomwe anthu amagwera kawirikawiri ndi pena. Botolo la batala, jamu kapena chiponde lomwe aliyense akulowetsamo mpeni wochokera pa buledi. Mafuta okazingira omwe munakazingidwa nkhuku yopakidwa ufa wa tirigu, kenako n'kukazingamo mbatata; kutentha sikupha gluten, si kachilombo. Ufa wa tirigu wouluka pokanda, womwe umatera pa chakudya chosavundikira. Ndipo pa shelefu, zakudya za wodwala zikhale pamwamba, za tirigu pansi, kuti nyenyeswa zisagweremo.

Pa malebulo ndiwonjezere pa zomwe anena a Mbewe. "Wheat free" si "gluten free". Chakudya chingakhale chopanda tirigu koma chili ndi balere. Ku Ulaya lamulo limafuna kuti mbewu zonse za gluten zilembedwe moonekera pa mndandanda wa zosakaniza. Ku America lamulo la zakudya zowenga limakakamiza kutchula tirigu yekha, balere ndi rye ayi, choncho balere amabisala m'mawu oti malt (chimera). Soy sauce wambiri amapangidwa ndi tirigu. Masoseji, supu wa m'paketi ndi makyubu okometsera ndiwo nthawi zambiri amathiramo ufa. Spelt, kamut, semolina, couscous, bulgur ndi triticale zonsezi zili ndi gluten ngakhale mayina ake sakutchula tirigu. Buckwheat, ngakhale dzina lake likumveka ngati tirigu, alibe gluten, monganso mpunga, chimanga, mapira, mawere, chinangwa, quinoa ndi teff, bola zisakhudzane ndi tirigu pogaya ndi posunga. Mowa wofululidwa ndi balere womwe akuti anachotsamo gluten ndi wovuta, chifukwa kufulula kumaduladula puloteniyo ndipo njira zoyezera zofala sizigwira bwino tizidutswa totere.

Mayi Nabanda

Ndibwerere ku funso lotsala lija la kuyambitsa gulu. Musayambe ndi dzina, chizindikiro kapena komiti. Yambani ndi anthu awiri a zachipatala: dokotala wodziwa matenda a m'mimba ndi m'matumbo, kapena wa ana, ndi katswiri wa kadyedwe wovomerezeka. Chilichonse cholembedwa chomwe gulu lingagawe chizidutsa m'manja mwawo, ndipo pansi pake pazilembedwa tsiku lomwe chinaunikidwa. Zambiri simufunika kupeka nokha. Mabungwe omwe atchulidwa pamwambawa ali ndi malangizo aulere pa intaneti, ndipo mungawalembere kupempha chilolezo chomasulira.

Chikalata choyamba chikhale cha tsamba limodzi, cha munthu amene wangopezeka ndi matenda: zodya, zosadya, mayina obisika a gluten, ndi zoti afunse kwa dokotala. Pa zofunsazo pakhale kuyeza ayironi, folate, vitamini B12, vitamini D ndi kashiamu, popeza izi ndi zomwe matumbo owonongeka amalephera kuyamwa, komanso ngati akufunika kuunikidwa mafupa ndi makina a DEXA, ndi katemera wa chibayo, chifukwa odwala ena kapamba wawo wothandiza chitetezo cha m'thupi, wotchedwa spleen, sagwira bwino ntchito. Muwauze kuti tTG amayezedwanso pakatha miyezi isanu ndi umodzi, kenako pakatha chaka, kenako chaka ndi chaka. Muwauzenso kuti ana amachira msanga, koma matumbo a munthu wamkulu angatenge zaka ziwiri kapena kuposa, kuti asataye mtima. Ambiri mkaka umawavuta m'miyezi yoyamba chifukwa enzyme yogaya shuga wa mumkaka imakhala kunsonga kwa villi, ndipo vutoli limatha matumbo akachira. Osauzidwa amasiyiratu mkaka, mafupa n'kuvutika kawiri.

Chikalata chachiwiri chikhale kakhadi kopereka kwa ophika kumalo odyera, kusukulu kapena kuchipatala munthu akagonekedwa, kofotokoza za mafuta okazingira, madzi ophikira ndi ziwiya, osati kungoti "palibe tirigu".

Gulu laling'ono lisapereke chizindikiro chake chotsimikiza zakudya. Popanda labotale ndi oyendera mafakitale, chizindikirocho chimapatsa anthu chidaliro chopanda maziko, ndipo wina akadwala mlandu umakhala wanu. Mungathe kulemba zomwe kampani yayankha mutaifunsa, ndi tsiku lomwe yayankhira, basi. Kampani ikapereka ndalama zothandizira msonkhano, mamembala adziwitsidwe, ndipo isakhale ndi mawu pa mndandanda wa zakudya. Mayina ndi zotsatira za kuchipatala za mamembala zisungidwe ndi munthu mmodzi kapena awiri, osati kumwazidwa pagulu.

Pa misonkhano ya maso ndi maso, chakudya chilichonse chobwera nacho chikhale ndi pepala la zosakaniza ndi supuni yakeyake. Muzipatula nthawi ya achinyamata payekha, chifukwa msinkhu umenewu ndi umene ambiri amayamba kudya gluten mobisa pofuna kufanana ndi anzawo, ndipo savomera makolo ali pompo. Tsiku la 16 Meyi ndi lokumbukira matendawa padziko lonse, ndipo ndi nthawi yabwino yoitana madokotala ndi manesi a m'dera kuti amve za kuyeza tTG-IgA limodzi ndi IgA yense munthu asanasiye gluten.

Bambo Mbewe

Kamfundo kamodzi kowonjezera pa zomwe anena Mayi Nabanda. Munthu akabwera kugulu akudandaula kuti patha chaka akutsatira malamulo koma sakupeza bwino, musathamangire kumuuza kuti asiyenso chimanga, mpunga kapena nyemba. Nthawi zambiri gluten amakhala akulowabe penapake. Alembe chilichonse chomwe wadya ndi kumwa kwa masiku asanu ndi awiri, kuphatikizapo zokometsera, mankhwala ndi mavitamini, ndi dzina la kampani ya chinthu chilichonse, apite nazo kwa katswiri wa kadyedwe. Ngati palibe chapezeka, abwerere kwa dokotala kuti aunike zina monga microscopic colitis, mabakiteriya ochuluka m'matumbo aang'ono, vuto la kapamba wogaya chakudya wotchedwa pancreas, kapena refractory celiac, celiac yosachira ngakhale munthu atasiyiratu gluten, yomwe ndi yosowa koma imafuna chipatala chachikulu.